Kufunafuna Mawu a Anagama M'makaseti

Ana inu, senderani kuno kukhonde, amayi anuwo muwasiye apete mpunga okha. Mafoniwo musabise, ndawaona kale. Ine si agogo aja odana ndi mafoni. Ndinayamba kudina mabatani makolo anu asanamere mano. Khalani pansi ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuchita m'chipinda chija miyezi itatu yathayi, poti ndamva kuti ena mwa inu mwayamba kunong'onezana kuti agogo mutu sukuyenda bwino.

Mawa tikuvundukula chiliza cha agogo anu aakazi, Anagama. Zimenezo mukuzidziwa, ndi zimene mwabwerera. Chimene enanu simukudziwa n'chakuti Tadala uyu, mkulu wa nonsenu, anandiimbira foni ali ku Lilongwe tsiku lomwe tinagwirizana za mwambowu.

"Agogo," anatero, "inu muli ndi makaseti, mavidiyo, kompyuta, chilichonse. Mutipezereko mawu a agogo aakazi tidzawaike pa sipika tsiku la chiliza. Ang'onoang'onowa adzaiwala mmene ankayankhulira."

"Zosavuta zimenezo," ndinatero ine. "Mawa lomweli ndikutumizira."

Ndinayankha mwamatama, ngati munthu amene wapemphedwa mchere wa ndiwo ali ndi thumba lathunthu m'nyumba. Mkazi ndakhala naye zaka zoposa makumi anayi, m'nyumba yodzaza ndi zojambulira mawu. Sindinaonepo chovuta.

Komanso Anagama sanali munthu woti mawu ake n'kusowa. Akuluakulunu mukukumbukira. Ankapikula kachewere ndi kabichi ku Lizulu n'kumadzagulitsa kuno ku Boma, ndipo ku Lizuluko akaitana munthu ali mbali ya kuno, otembenuka ankakhala a tsidya la msewu, ku Mozambique. Tsiku lina ndinawakweza panjinga kupita ku Bwanje kukagula mpunga. Anayamba nkhani tikutuluka pakhomo, ya mayi wina amene anabwereka sefa osabweza. Tinatsika mapiri onse aja, dzuwa la kuchigwa linayamba kutiwotcha, ine thukuta lili chuchuchu, iwo ali pakaliyala nkhani ili mkati. Tinafika ku Bwanje sefa ija isanabwezedwe. Pobwerera, poti chinali chitunda ndipo njinga tinkachita kukankha, anaiyambiranso kuti ndimvetse bwino.

Ndiye mungafunse kuti munthu wotereyu mawu ake anapita kuti. Kuti ndikuyankheni ndiyenera kuyambira kutali pang'ono. Yamikani, chotsa kachinthu kali m'khutuko. Kamodzi kokha, ka khutu linalo usiye, ndikudziwa kuti popanda iko sungapume.

Matenda anga a makinawa ndinatengera bambo anga. Iwo anakhala zaka zambiri kumigodi ku Joni, ndipo pobwera anatsika basi atavala chipewa ndi jasi lalitali kunja kukutentha, atakumbatira bokosi limene sanalole munthu aliyense kuwanyamulira. M'bokosimo munali galamafoni yopukusa ndi dzanja. Inu simungaidziwe. Nyimbo zinkakhala pa zimbale zakuda, ndipo chimbale chikagwa pansi nyimbo yathera pomwepo, panalibe zokaitenganso pa intaneti. Bambo akaika singano pa chimbale, pakhomo ponse pankati zii. Amayi ankasiya kusinja, nkhuku zinkathamangitsidwira kuseri, mlendo wofika nthawi imeneyo ankaodira ndi manja. Ine ndinakula ndikudziwa kuti makina akamayankhula anthu amakhala chete, ndipo palibe anandiuzapo kuti lamulo limeneli linali la bambo anga okha.

Kenako kunabwera wailesi, ndipo ine ndinapatsidwa udindo wa mabatire. Akafooka tinkawayanika padzuwa, pamwala, n'kumawatembenuza ngati makaka a chinangwa. Ngati ankadzaladi moto sindikudziwa mpaka lero, koma wailesi inkayankhulako mpaka nkhani zitatha. Inu foni ikatsala pang'ono kuzima mumayenda nkhope zili zakugwa ngati kwachitika zovuta. Ife tinali ndi mwala.

Nditamaliza sukulu ndinalembedwa ukalaliki pa ofesi ina kuno ku Boma. Kumeneko ndinakumana ndi taipilaita, ndipo chaka chomwecho ndinakumana ndi Anagama. Iwo ankakonda kuuza anthu kuti ndinayamba ndafunsira taipilaitayo, iwo ndinawafunsira itakana kupita nane kunyumba. Sindinawatsutsepo, chifukwa kuwatsutsa kunkafuna munthu wokhala ndi tsiku lonse.

Chimene chinabweretsa zonsezi ndinachigula ku Lizulu, m'sitolo ya Che Amidu, bambo wamtali amene ankagulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka matayala a njinga, kupatula Lachisanu masana pamene ankatseka n'kupita kumzikiti. Chinali chojambulira mawu cha kaseti, chachikulu ngati njerwa, cha mabatani asanu, limodzi lofiira.

"Chimenechi chimamva chilichonse, a Nyoni," anandichenjeza. "Sichisankha. M'mimba mwanu mukalira, chijambula."

"Ine ndikufuna nyimbo za pa wailesi basi."

"Ndiye anthu akwanu azikhala chete. Kodi mayi aja a kachewere si akunyumba kwanu?"

"Ndi omwewo."

Che Amidu anangondionjezera kaseti imodzi yaulere.

Mumvetse mmene ntchitoyi inkayendera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Chojambuliracho chinalibe waya wolumikiza ku wailesi. Unkachiika patebulo moyang'anizana ndi wailesiyo, nyimbo ikangoyamba n'kudina batani lofiira, kanyali kofiira n'kuyaka. Kuyambira pamenepo chilichonse chomveka m'nyumbamo chinkalowa m'kaseti: mbale, chitseko, chifuwa, mwana. Nyimbo zabwino zinkaulutsidwa Loweruka masana. Choncho Loweruka masana ndinkatseka mawindo, ndinkakweza chala chimodzi m'mwamba n'kunena kuti, "Chete, tikujambula." Mawu amenewa ndawanena m'nyumba muno kuposa pemphero la chakudya.

Masabata oyamba zinavuta. Nyimbo ili pakati, Anagama ankalowa dengu lili pamutu, nkhani ataiyambira kale panja. Ine sindinkakalipa, ndinalibe khalidwe limenelo. Ndinkangoimitsa, kutulutsa kaseti, kulowetsa bolopeni pabowo n'kuipukusa kubwerera m'mbuyo, posafuna kuwononga mabatire. Kenako ndinkadikira nyimbo ina n'kujambula pamwamba pake. Makaseti anali osowa, sukanasunga yowonongeka. Paliponse pamene mawu a agogo anu analowa, ine ndinabwererapo ndi bolopeni. Ndinali munthu waukhondo pa ntchito yanga. Kaseti iliyonse ndinkaitaipira kapepala kake, nambala ndi mayina a nyimbo, ndipo anzanga a kuofesi ankabwereka n'kumayamikira kuti za a Nyoni zimamveka ngati za m'sitolo.

Anagama ankaona bolopeni ija ikuzungulira. Sanadandaule, anangophunzira. Pofika chaka chachiwiri, kanyali kofiira kakayaka ankaima pomwe ali, ngakhale mwendo uli m'mwamba.

Tadala, amayi ako a Joyce anayamba kuyenda Loweruka masana. Izi sindinakuuzepo. Panali nyimbo ina ya gitala imene ndinaidikira mwezi wathunthu, ndipo tsikulo inabwera. Ili pakati, ndinaona Anagama akugwedeza dzanja mwamphamvu, dzanja linalo atatseka nalo pakamwa ndi nsonga ya chitenje, misozi ili m'maso. Ankaloza pansi. Mwana anali wasiya mwendo wa tebulo, akupita yekha kwa amake, phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu. Ine ndinagwedeza mutu kusonyeza kuti ndaona, chala chili m'mwamba. Mwana anafika, amake anamunyamula n'kutuluka naye monyang'ama, kukaimba nthungululu kuseri kwa nkhokwe. Nyimbo ija ilipo, kaseti nambala 31, ndipo imamveka bwino kwambiri.

Pali chinanso chimene ndiyenera kuulula. Patapita zaka ndinagula wailesi ya makono, yokhala ndi kaseti momwemo, imene inkajambula nyimbo cham'kati. Imeneyo sinkamva za m'nyumba. Ukanatha kumenya ng'oma pambali pake, kaseti n'kutuluka yoyera. Ndinawerenga zimenezi m'kabuku kake tsiku loyamba lomwe, koma Anagama sindinawauze. Bata lija ndinali nditalizolowera, ndipo chala chinkakwera chokha.

Zinthu zinapitiriza kubwera. Inabwera wailesi ya kanema, yoyendera batire la galimoto limene ndinkalimangirira panjinga kukatchajitsa, asidi n'kundibowolera mathalauza awiri. Inabwera deki ya vidiyo. Chilichonse chikafika, Anagama ankachilukira kansalu kovindikira, koyera, ka maluwa m'mphepete. Ankati akazi anzawo asamagone osafunda. Onse ankawatchula choncho, akazi anzawo, ndipo ankadziwa wamkulu ndi wamng'ono.

Kompyuta yoyamba ndinaigula nditatsala pang'ono kupuma pantchito, ofesi ikugulitsa katundu wakale. Inali ya chimsana chachikulu, ndipo ukaiyatsa unkatha kukasamba n'kubwera isanadzuke. Ndinabwera nayo pa njinga ziwiri zakabaza, ine pa yachitatu pambuyo ndikulondera. Anagama anaizungulira kawiri manja ali m'chiuno.

"Ameneyu ndiye wamng'ono?"

"Imeneyi ndi kompyuta, Anagama."

"Amadya chiyani?"

"Magetsi."

"Bola. Sitilimbirana ndiwo." Anatenga ulusi n'kuyamba kuyeza msana wake ndi zikhatho.

Kompyuta ija ndinaikonda, sindinama. Munthu amene wakhala zaka zambiri pa taipilaita, pamene ukalakwitsa chilembo chimodzi umayambiranso tsamba lonse, ukamupatsa makina oti cholakwika chimangochoka osasiya chipsera, wamupatsa zonse. Ndinataipira anthu makalata, mapulogalamu a maukwati, ndandanda wa nyimbo za kwaya. Ndinalemba mayina a makolo athu onse mpaka kwa agogo a bambo anga. Ndinasunga zinthu m'madisiketi, madisiketi anatha ntchito; ndinasamutsira m'masidi, masidi anakalika; ndinasamutsira m'fulashi, fulashi inabwera ndi vairasi kuchokera kwa anyamata obena nyimbo kumsika. Anagama atamva kuti kompyuta yadwala anafunsa ngati tiwadziwitse akwawo.

Tsono Tadala atandiimbira, ndinayamba ndi kompyuta, osati yachimsanayo koma laputopu imene amalume anu a Limbani ananditumizira. Ndinakumbukira kuti pa ukwati wa a Limbaniwo Anagama anapatsidwa mpata wolangiza, ndipo anayankhula mpaka oyendetsa mwambo anakhala pansi. Ndinajambula ndine, ndi kakamera kam'manja. Ndinatsegula vidiyo ija mtima uli m'malo. Anagama anaonekadi, atavala chilundu chawo chobiriwira, chala chikuloza mkwati, milomo ikuyenda, anthu akugwa ndi phwete. Koma chimene chinkamveka ndi nyimbo ya kwaya. Ndipamene ndinakumbukira kuti tsikulo kunali mphepo, inkawomba m'kamera, ndipo ine pokonza vidiyoyo ndinachotsa mawu onse n'kuikapo nyimbo kuti imveke mwaukhondo. Vidiyo yoyamba ya mawu ija ndinaifufuta, inkadya malo.

Ndinayang'ana mavidiyo ena. Pa ubatizo wa Yamikani, nyimbo. Pa chinkhoswe cha a Joyce, nyimbo. Ndinali nditaphunzira bwino pulogalamu ija.

Mwina mukuti, nanga mafoni? Inu nomwe ndinu mboni. Anagama anali ndi kafoni kawo ka mabatani, ndipo pa kameneko ankayankhula mpaka khutu kutentha, koma kameneko sikasunga mawu. Inu mukabwera patchuthi ndi mafoni anu opalasa ndi chalawa, munkawaika pakamwa pawo n'kumati, "Agogo, yankhulani apa titumize kwa amayi." Mukukumbukira zimene ankachita? Ankayang'ana kadontho kofiira kaja, n'kutseka pakamwa, n'kumwetulira, n'kubayibitsa foniyo ndi dzanja. Inu munkaseka kuti agogo ndi achimidzi, akuchita manyazi ndi foni. Sanali manyazi amenewo. Ndinawaphunzitsa ndine.

Apa ndipamene ndinatsitsa makatoni. Alipo anayi, odzaza makaseti, ndipo akhala pamwamba pa kabati kuyambira enanu musanabadwe. Wailesi ya kaseti inali itafa lamba, ndinadula wina pa chubu cha njinga. Ndinailumikiza ku laputopu ndi waya kuti chilichonse chopezeka ndichigwire pomwepo. Ndinkayamba ndikangomwa tiyi, kulekeza dzuwa likapendeka, kapena magetsi akandilekezetsa okha. Kaseti iliyonse mbali zonse ziwiri, osadumphitsa, poopa kuti pomwe ndadumphapo ndi pomwe ali.

Ndinamva nyimbo zimene oimba ake anapita kale. Ndinamva tambala kawiri, mvula padenga la malata kamodzi, ndi chifuwa changa malo angapo, poti chifuwa changa sindinkachiona ngati chowononga kaseti. Pakati pa nyimbo ina ndi inzake pamakhala kampata, tepi ikungoti sii. M'kampata kameneko ndinkadziwa kuti alimo. Akhala pampando uja wa pafupi ndi chitseko, akusenda kachewere, atayala kansalu m'beseni kuti mbatata ikagwa isamveke. Ndinkakweza voliyumu mpaka kumapeto kuti mwina ndimve kupuma kwawo, koma ankapuma mosamala kwambiri.

Ndinalira, ana inu, sindikubisirani. Pa maliro sindinalire kwambiri, anthu anali ambiri ndipo ndinkayang'anira za sipika. Ndinalira m'chipinda muja, pa katoni yachitatu, ndipo ndinachita manyazi ndi ukhondo wanga.

Tadala ankaimba Lamulungu lililonse. "Agogo, mwapeza?"

"Netiweki ikuvuta kuno," ndinkatero. "Zikukana kutumizika."

"Koma zithunzi za chiliza mwatumiza dzulo zafika."

"Zithunzi n'zopepuka. Mawu amalemera."

Anangoti chabwino. Mwana ameneyu ndi namwino, amadziwa munthu akamanama za mmene akupezera.

Ndinayenda ndithu. Ndinapita kutchalitchi kukafunsa ngati alipo anajambula amayi akuimba. Analipo, koma m'gulu la amayi makumi atatu sungatole mawu a munthu mmodzi, ngakhale ine ndinkaona ngati ndikuwamva. Ndinakwera minibasi kupita ku Lizulu kwa amayi amene ankapikula nawo limodzi. Onse ankawakumbukira, ena mpaka anawayeserera mmene ankanenerera mtengo, wina anachita bwino ndithu moti ndinatembenukira kumbali. Koma wojambula panalibe. Mayi wina anandifunsa modabwa kuti, "Ife tikanawajambuliranji? Tinkangowamva. Si inu a makina?"

Sabata yatha, katoni yachinayi itatha, ndikubwezera zinthu pakabati, dzanja linagunda chitini cha mabisiketi. Ndinali nditachiiwala. M'menemo ndinkaponyamo makaseti odwala, aja amene makina anawatafuna tepi n'kuduka, n'cholinga choti ndidzawakonze ndikadzapeza nthawi. Nthawiyo sinapezeke. Analimo khumi ndi awiri, onse a nthawi ya chojambulira cha Che Amidu, chimene chitakalamba chinkadya matepi ngati mbuzi.

Tepi yoduka timailumikiza ndi utoto wa zikhadabo. Umadula nsonga zonse ziwiri mwaukhondo ndi lezala, kupaka kadontho, kusanjikiza, kudikira. M'nyumba muno utotowo munalibe, choncho ndinapita kumsika, pa okala ya mtsikana wina wogulitsa zodzola.

"Mukufuna wamtundu wanji, agogo?"

"Uliwonse umene umagwira."

"Ndi wa ndani?"

"Ndi wa akazi anga."

Mtsikanayo amandidziwa, anabwera kumaliro. Anandikulungira wofiira, ndipo ndikukhulupirira kuti mbiri ya mutu wanga inayambira pamenepo.

Ndinakonza imodziimodzi. Manja anga masiku ano amanjenjemera, moti ina ndinailumikiza chagada ndipo oimba ankamveka ngati ali pansi pa madzi. M'makaseti asanu ndi imodzi oyamba munali nyimbo zokhazokha. Yachisanu ndi chiwiri inalibe kapepala, kusonyeza kuti inaduka ndisanamalize kuijambula. Ndinaiika Lachinayi m'mawa, tiyi ali pambali.

Ndiiyatse muimve nokha. Senderani pafupi, sipika ya laputopuyi ndi yaing'ono. Iyi ndi nyimbo ikutha. Imvani gitalayo. Tsopano kampata. Icho ndi chitseko cha kuchipinda, chinkalira choncho tisanasinthe mahinjesi. Tsopano tcherani khutu.

"A Nyoni, ndiyankhule tsopano?"

Mwamva? Akunong'ona, koma ndi iwowo. Ndi mmene ankakokera dzina langa. Tsopano winayo, wa mawu onenepa ngati bwana wa ofesi, ndine.

"Dikirani kaye, ikubwera ina."

Basi. Kaphokoso mwamvako ndi tepi ikuduka. Ikanapanda kuduka ndikanabwererapo ndi bolopeni tsiku lomwelo, ndipo bwenzi mulibe ndi kameneka komwe. Zaka zonse zija, makatoni anayi, makompyuta awiri, zimene ndinasunga za agogo anu ndi mawu anayi, ndipo ondisungira ake ndi makina owonongeka.

Chimene ankafuna kunena tsikulo sindikuchidziwa. Ndayesa kukumbukira mpaka mutu kuwawa. Mwina mchere unatha. Mwina kunabwera mlendo ali panja. Mwina inali nkhani ina yaitali ya kumsika, imene ndikanaimva theka ndikuganiza za mabatire. Ayenera kuti anandiuza nyimbo zitatha, chifukwa sanali munthu wosunga nkhani mpaka mawa, koma ine sindinaisunge paliponse.

Tadala anafika dzulo, ndipo ndinamuyatsira kasetiyi ali yekha poyamba. Anaimva katatu. Kenako anapukuta m'maso n'kuyamba kuganiza ngati munthu wa kutauni.

"Agogo, pa laputopu pomwepa tingathe kudula mawu anuwo. Tisiye a agogo aakazi okha."

"Kudula ndimadziwa kuposa iwe," ndinatero.

"Ndiye dulani. Mawa kudzakhala anthu. Agogo a Gama adzakhala kutsogolo, ndipo mukuwadziwa pakamwa pawo."

A Gama ndi alamu anga, mlongo wawo wa Anagama, aja afika m'mawa ndi ndodo ya mkuwa kunsonga. Pakamwa ndi pa mtundu, ndipo iwo sanaphunzitsidwepo ndi munthu kukhala chete. Akamva yankho langa lija pa sipika, pamaso pa abale onse ndi amayi a kutchalitchi, adzalinyamula mpaka tsiku la maliro anga, ndipo ngati adzakhale alipo adzalinenanso pamenepo. Tadala sanalakwe. Ndinatsegula pulogalamu ija lero m'mawa. Mawu amaoneka ngati timapiri pa sikirini: kaphiri kakang'ono ndi ka Anagama, chiphiri chachikulu pambuyo pake ndi changa. Ndinachisankha chonse, chinadetsedwa bwinobwino, chala chili pa batani. Inali ntchito ya kamphindi, ndipo ikanamveka yoyera.

Sindinadine. Ndadula zokwanira m'nyumba muno. Mukachotsa yankho langa, anthu adzamva mayi waulemu akupempha mpata kwa mwamuna wake, adzati taonani ulemu wa amayi akale, ndipo amayi ena adzakulangizani nazo atsikana inu. Si mmene zinalili. Agogo anu sanabadwe onong'ona. Anthu amve funso, amvenso amene anawayankha, kuti ang'onoang'onowa akadzafunsa chifukwa chake mawu a agogo awo ndi ochepa chonchi, musadzavutike kufotokoza.

Ndiye mawa, abusa akamaliza pemphero, nsalu isanachotsedwe pa chiliza, mudzaike yonse, kuyambira gitala mpaka kuduka kwa tepi. Voliyumu mudzakweze, a Gama khutu lamanzere silimva bwino. Ine ndidzakhala pampando wanga pomwepo, sindidzapita kukayang'ana za waya. Yankho lina ndili nalo tsopano, lakhala lili pakamwa kuyambira Lachinayi, koma tepi ija ilibe malo oliikapo.

Tadala, tenga fulashiyi, mawuwo ali momwemo, uike m'chikwama chako. Laputopu nayonso utenge, ukaisunge kwa amayi ako mpaka mwambo utatha. Ine ndimadzidziwa.